Chipsera cha a Mzumara

Ntchito yanga inali yokongoletsa anthu, ndipo sindidzichepetsa pamenepa, ndinkaidziwa. Ndinaphunzira kujambula zithunzi ku Limbe, ndipo posamukira ku Mzuzu ndinanyamula kamera, nsalu yakumbuyo yojambulidwa nyumba yosanja, ndi timaburashi titatu tating'onoting'ono. Timaburashi timeneto ndi timene tinkandidyetsa. Mkwatibwi akabwera ndi ziphuphu, pachithunzi ankatuluka wosalala. Mphunzitsi wadazi ankapeza katsitsi pamwamba pa mphumi, ndipo sindinamvepo wina akufunsa kumene kachokera. Mumsika ankati, "Pitani kwa a Nampeya, ngakhale mutaoneka bwanji, mukatulukako muli munthu." Ndikamva zimenezo ndinkayenda ngati msewu wonse ndi wa bambo anga.

Nthawi imeneyo Mzuzu unali utangoyamba kutchedwa mzinda, ngakhale matope anali omwe aja, ndipo kunabwera chisankho cha makhansala. Inu obadwa dzulo musaganize za malole, nyimbo ndi nsalu zogawa. Chipani chinali chimodzi, opikisana onse anali ake, ndipo kukopa anthu kunali koletsedwa. Ukangomveka kuti wauza mnzako kuti "mundikumbukire," dzina lako linkafufutidwa, mwinanso n'kuitanidwa kukayankha mafunso kumalo kumene sapereka mpando. Opikisana ankaimikidwa kamodzi pamsonkhano, anthu n'kuwaona, iwo n'kukhala pansi. Tsiku lovota munthu ankalowa yekha m'chipinda momwe munali mabokosi, lililonse litamatidwa chithunzi cha mwini wake ndi dzina pansi pake. Pepala lako unkaponya m'bokosi la munthu amene wamufuna. Odziwa kuwerenga ankawerenga dzina. Ambiri ankangofuna nkhope.

Ku Ching'ambo anaima anthu anayi, koma amene ankatchulidwa pachitsime ndi pachigayo anali mmodzi, a Zebedee Mzumara, mmisiri womanga nyumba. Dzina limenelo ndi la m'mabuku. Kumudzi konse ankadziwika kuti awiske Lettie, ndiye kuti bambo a Lettie. Ching'ambo ndi kudambo, mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba osanena odi. Kwa zaka zambiri a Mzumara ankakumba ngalande Loweruka lililonse popanda wowatuma, ndipo chilimwe chikamatha ankayala matabwa pamalo oterera kuti ana apite kusukulu. Ankafuna ukhansala pa chifukwa chimodzi basi, kuti ngalande zija zikhale za simenti.

Nkhope yawo sinali yoiwalika. Ali mnyamata, uvuni wa njerwa unawagumukira uli moto. Chipsera chinayambira pakhutu lamanzere, kutsika patsaya mpaka kuchibwano, choyera, chonyezimira, chokokera mlomo pansi pang'ono. Mwana wolira ankatonthola akachiona koyamba. Koma anthu a ku Ching'ambo akachiona chikubwera pataliko ankadziwa kuti thandizo lafika.

Anabwera kusitudiyo kwanga Lachiwiri m'mawa atavala jekete lobwereka, manja ake atafupika. Atakhala pampando anatembenuza mutu kuti kamera ione tsaya labwino. Sanachite dala, khosi linali litazolowera.

"Lamulo likuti nkhope yonse, a Mzumara. Yang'anani kuno."

"Enya, yonse," anatero, n'kuwongola khosi. "Koma fulumirani, a Nampeya, matope akuuma ku Nkhorongo. Ndili ndi tchalitchi choti chifike pamawindo sabata ino. Zithunzizo adzatenga Nyaharawa, ndi amene akapereke kuofesi. Ine zoyang'ana nkhope yangayi ndinasiya kale."

Anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinadina.

Nyaharawa anali mkazi wawo, dzina lawo lenileni Keziya, mayi wamfupi wolankhula motsitsa. Anabwera tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, anadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka, kenako anakhala pabenchi n'kuyamba kupinda ngodya ya chitenje chawo.

"Adada Nampeya, ndamva kuti inu mumatha kuchotsa zinthu pachithunzi."

"Zimatengera zinthu zake, mayi."

"Chipsera."

Iwo anapitiriza, maso ali pansi.

"Kumsika amayi ena akuseka. Akuti khansala ndi munthu wolandira alendo, nanga alendo akathawa? Ine ndamva ndi makutu anga, ndinali kuseri kwa matumba a makala. Nkhope imene ija ikamatidwe pabokosi, aliyense alowe payekha, aiyang'ane mmene akufunira, aseke. Yayi, adada. Ine ndinawadziwa asanapse. Analibe mnzawo ku Ekwendeni konse. Chithunzi cha nthawi imeneyo palibe n'chimodzi chomwe, ana athu sanawaonepo. Kamodzi kokha, aoneke mmene Chiuta anawapangira."

"Eni ake akudziwa?"

"Asadziwe kuti ndine. Chonde. Zaka makumi awiri ndi zisanu sindinatchulepo chipsera chimenechi pamaso pawo. Amayesa kuti sindichiona."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti, nanga ovota akawazindikira bwanji? Funso lake ndi lalifupi chonchi, ndipo m'mutu mwanga simunabwere. Ine ndinkaganiza za burashi. Ndinali ndisanagwirepo ntchito yaikulu chotero, ndipo manja ankandiyabwa. Ndinawamveranso chisoni mayi aja, zoona, koma ndisanamizire chisoni chokha. Kunyada kunali patsogolo.

Lachitatu lonse sindinatsegule chitseko. Ndinatsuka chithunzi chachikulu, n'kuyamba kudontheza inki kadontho kamodzikamodzi pamene panali poyera, mpaka tsaya lamanzere linafanana ndi lamanja. Mlomo ndinaukweza. Khutu lopsa lija ndinalibwezera m'mbali mwake. Kenako ndinachijambulanso chithunzicho kuti inki isaoneke, n'kutsuka zing'onozing'ono zinayi. Amene anatuluka m'madzimo anali bambo wa maso ofatsa, wa nkhope yoti ukhoza kumusungitsa makiyi a tchalitchi. Ndinaimirira n'kudziombera m'manja ndekha.

Nyaharawa anachiona Lachinayi. Anachigwira ndi manja awiri, kenako anati, "Ndi iwowa. Yewo chomene, adada." Anaika zitatu mu envelopu n'kuthamangira kuofesi, chifukwa tsiku lomaliza lolandira zithunzi linali lomwelo. Chachinayi chinatsala kwa ine, ndipo ndinachikhoma pabolodi la mkati pamene ndinkaonetsa ntchito zanga zabwino.

Panapita masabata awiri ndikugona tulo tabwino. Kenako kunabwera mayi Ellen, mkazi wa a Edson okonza njinga, wakwathu ku Chiradzulu, wogulitsa tomato wapakamwa posatseka. Ankafuna chithunzi chotumiza kwa mwana wawo ku Zomba. Nyumba yawo ndi ya a Mzumara zinangosiyana ndi mpanda wa maluwa. Ndikukonza kamera, iwo ankayendera bolodi lija ngati akusankha nsalu.

"Iii, koma awa ndiye ayi! Ndi ahedi a sukulu iti awa, achimwene?"

"Simukuwadziwa?"

"Ndikanawadziwa bwenzi nditakwatiwa ndi a Edson?"

Ndinaseka. "Yang'anitsitsani, mlongo. Mumawaona tsiku ndi tsiku."

Anasendeza nkhope pafupi, anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu. "Abusa a ku Katawa? Ayi, aja ndi onenepa. Ndiuzeni, musandivutitse."

Kuseka kunandithera pakamwa. Mayi ameneyu anakhala moyandikana ndi a Mzumara zaka khumi ndi ziwiri. Ankabwerekana mchere. Denga lake linakhomedwa ndi manja awo.

"Chisankho chikubwerachi, mlongo, inu mumawerenga?"

"Kuwerenga kwa chiyani? Ine ndikangolowa ndikafuna chipsera, pepala ponyu, ndatuluka. Tonse kwathu kuja tapangana choncho, kungoti sitinena mokweza."

Chithunzi chawo chija chinatuluka chopendekeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachitumiza.

Mawa lake ndinatsuka chithunzi chenicheni, chosakhudzidwa, n'kupita nacho kuofesi yoyang'anira chisankho. Kalaliki wake anali a Solomon, bambo woonda wa magalasi, amene ndinawajambulapo paukwati wawo n'kuwakuzako mapewa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Mr Nampeya, mabokosi tinamata kale, tinadinda, ali m'chipinda chokhoma ndipo kiyi sali ndi ine. Koma tinene kuti ali ndi ine. Ndilembe chiyani m'buku? Kuti chithunzi choyamba sichinali choona?"

"Lembani kuti wojambula analakwitsa."

"Wapereka chithunzicho ndi wojambula? Fomu yasainidwa ndi candidate. Ndikalemba zimenezo ndiye kuti a Mzumara anapereka chithunzi chonama kuti anyenge ovota. Amenewo achoka pampikisano lero lomwe, ndipo sizithera pamenepo. Inu mukudziwa." Anandibwezera envelopu yanga pansi pa tebulo. "Ine sindinakuoneni. Go well."

Sanali munthu woipa. Anandithandiza kuposa mmene ndinkafunira kuthandizidwa.

Ndinatsika ku Ching'ambo. Ndinawapeza Nyaharawa akuyanika zovala, ndipo nditawafotokozera za mayi Ellen anakhala pansi pomwepo, padothi, malaya onyowa ali m'manja.

"Tiwauze anthu, mayi. Khomo ndi khomo."

"Tiwauze kuti chiyani? Kuti bokosi la awiske Lettie ndi lakuti? Kumeneko ndiye kukopa kumene. Pamakomo khumi, limodzi lokha likapita kukanena, basi. Adzabwera kudzawatenga."

"Ndiye tiwauze eni ake."

Anandigwira dzanja, chinthu chimene mayi wa ulemu wawo sakanachita tsiku lina lililonse. "Adzandifunsa kuti chifukwa chiyani. Ndidzayankha chiyani? Mwina anthu awazindikira, adada. Maso ndi omwewo. Mphumi ndi yomweyo. Mwina."

Nanenso ndinakakamira pa "mwina" ameneyo, chifukwa anali wotsika mtengo kuposa kulimba mtima.

Komabe ndinayesa nzeru imodzi, ndipo ndinkaiona ngati yakuya. Ndinatenga zithunzi ziwiri zija, chenicheni ndi chokonza, n'kuziika pagalasi la zenera loyang'ana kumsewu, pansi pake n'kulemba kuti TIMAKONZA ZITHUNZI. Nanga wamalonda saloledwa kuonetsa luso lake? Aliyense wa ku Ching'ambo wopita kumsika akanadutsa pamenepo n'kuona yekha kuti awiriwo ndi munthu mmodzi.

Sizinathe ngakhale ola. Woyamba kuima pazenera sanali wa ku Ching'ambo. Anali a Gideon Kayira, tcheyamani wa nthambi ya chipani ya kumsika, bambo wamkulu thupi wogulitsa zitsulo. Analowa, anandilonjera bwinobwino, anafunsa za ana, kenako anatambasula dzanja n'kuchotsa zithunzi ziwiri zija yekha.

"A Nampeya, inu ndi mlendo wathu, timakukondani. Nkhope ya candidate pawindo, sabata ya chisankho?"

"Ndi malonda chabe, a tcheyamani."

"Enya, ine ndamva, ndi malonda. Koma pali ena samva msanga ngati ine." Anayang'ana zithunzizo, ichi ndi ichi, nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti wazindikira zonse. Anapukusa mutu. "Mwamupweteka munthu wabwino. Musawonjezere." Anaziika pakauntala chafufumimba, n'kutuluka.

Masiku atatu otsalawo ndinawaona a Mzumara kawiri akudutsa panjinga, chikwama cha zida chili kumbuyo. Ulendo wachiwiri anakweza dzanja n'kufuula, "Monire, a Nampeya!" Ndinakweza langa. Miyendo inafuna kuwathamangira, koma ndinaima pakhomo mpaka njinga inakhota. Mantha anali awiri, a boma ndi a maso a munthu uja, ndipo aakulu anali achiwiriwo.

Tsiku lovota kunacha ndi mvula yamawawa, yozizira, ya ku Mzuzu yeniyeni. Ndinavota kwathu ku Salisbury Lines m'mamawa, kenako ndinakoleka kamera m'khosi kuti ndioneke ngati ndili pantchito, n'kupita kusukulu kumene ankavotera a ku Ching'ambo. Mzere unali wautali, amayi ambiri, atafunda zitenje kumutu. Pamzere sipankaloledwa nkhani. Wapolisi mmodzi ankayenda uku ndi uku, ndipo anthu ankangoyang'ana msana wa mnzawo.

Ndinaima pansi pa mtengo n'kumayang'ana nkhope za otuluka. Aphunzitsi ndi anyamata a sukulu ankatuluka msanga. Koma mayi wina wachikulire analowa n'kukhalitsa, ndipo potuluka nkhope inali itagwa. Podutsa pamzere anawerama ngati akukonza chitenje, n'kunong'oneza mnzake liwu limodzi la Chitumbuka. Ndinaliona liwulo likuyenda mumzere, mutu ndi mutu, mpaka linafika kwa amayi amene anali pafupi ndi ine.

"Wamuwuskapo."

Amuchotsa.

Apa ndi pamene ndinaona kukula kwa chimene ndinachita. Ine ndinkaopa kuti anthu asokonezeka, azungulirazungulira, kenako mwina aganiza bwino. Ndinaiwala dziko limene tinkakhala. Masiku amenewo nkhope ya munthu ikasowa pamene inayenera kukhala, sunkafunsa. Unkadziwa kuti walakwira akuluakulu, ndipo unkasunga pakamwa pako. Amayi aja analowa, anaona nkhope zitatu zimene anaziona pamsonkhano, ndi yachinayi yachilendo, yosalala. Anamva okha m'mitima kuti awiske Lettie achotsedwa ndipo m'malo mwawo aikamo bwana wina wa kutauni.

Mayi Ellen anatuluka maso ali ofiira. Atandiona anabwera molunjika.

"Achimwene, ahedi anu aja ndawaona. Ali pabokosi! Ndi amene alanda malo a awiske Lettie. Ndipo inu munawajambula, osandiuza!"

"Mlongo, tamverani..."

"Ine pepala langa sindingampatse wolanda mnzake. Ndaponya mwa a Winston a golosale aja, ngakhale sanagwirepo khasu. Tonse tikutero. Aone kuti ku Ching'ambo kuli anthu."

"Ndi omwewo!" ndinatero, mokweza kuposa mmene ndinafunira. "Ndi a Mzumara amene aja!"

Wapolisi anatembenuka. "Bambo wa kamera, mukuti chiyani kumeneko?"

"Palibe, bwana."

"Ngati mwavota, kazipitani."

Mayi Ellen anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Kenako anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Anayesa kubwerera kumzere, koma wapolisi anawalozera kuchipata. Ena amene anamva anayamba kunong'onezana zatsopanozo, koma mawu awiri akakumana pamzere, oopsa ndi amene amakhulupiriridwa. Ndipo theka la mudzi linali litavota kale.

A Mzumara anafika chakumasana ndi mkazi wawo, atavala jekete lija. Analonjera anthu monga mwa masiku onse, ndipo anthu amene anawakumbira ngalande anayang'ana pansi. Ena anasendera kutali pang'ono. Sankadana nawo, ankaopa kuoneka pafupi ndi munthu wochotsedwa, ndipo ena ankalira mobisa. A Mzumara anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa. Nyaharawa anali kumbuyo kwawo, atafunda chitenje mpaka m'maso.

Ndinali kunja kwa mpanda pamene analowa m'chipinda chija. Munthu amatenga nthawi yochepa kuponya pepala. Iwo anakhalamo mpaka woyang'anira anagogoda pachitseko kawiri. Atatuluka sanayang'ane munthu. Anadutsa mzere wonse pang'onopang'ono, dzanja lamanzere lili patsaya, n'kutsika njira ya kudambo okha.

Zotsatira zinamveka mawa lake masana. Anapambana a Winston Chirambo, mwini golosale, munthu wosalakwa kanthu pa nkhaniyi, amenenso anadabwa kuposa wina aliyense. A Mzumara anatsalira kumbuyo kwawo ndi mavoti makumi awiri ndi atatu okha. Pofika nthawi imeneyo Ching'ambo yense anali atadziwa zoona zake, ndipo ndinamva kuti amayi ena anakhala pakhomo pa a Mzumara ngati pamaliro. Ine ndinatsegula situdiyo chifukwa kutseka kukanaoneka ngati kuthawa. Sikunabwere kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Amene anabwera anali a Mzumara, dzuwa likadalipo, atavala ovolosi yawo ya simenti. Anaima pakhomo.

"Odi."

"Lowani, a Mzumara."

Ndinaimirira kuseri kwa kauntala, ndipo ndinachotsa magalasi anga n'kuwaika pambali, poganiza kuti pofika mbama asasweke. Koma iwo anakhala pampando womwe uja wojambulira, manja ali pamaondo. Nthawi ino khosi silinatembenuke.

"Ndinazungulira kawiri m'chipinda chija," anatero. "Ndinayamba kukhulupirira kuti andichotsadi. Kenako ndinawerenga dzina." Anasisita tsaya lamanzere. "Ntchito mumaidziwa, a Nampeya. Ndinaona adada anga pabokosi paja. Sindinkadziwa kuti ndikanafanana nawo chonchija."

"Pepani. Ndilibe mawu ena. Pepani chomene."

"Mpando wapita. Ngalande ndizikumbabe, khasu sanandilande." Anakweza maso. "Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo mundiyankhe ngati mkhristu. Anakuuzani ndani kuti muchichotse?"

Kunja kunadutsa ngolo ya nkhuni, ndipo ndinaimvetsera mpaka inapita.

"Nyaharawa ndi amene anatenga envelopu," anapitiriza, mawu akuchepa. "Ndawafunsa, akungolira. Akuti sanatsegule. Ine sindinagone nazo bwino. Mayi aja anandisambitsa miyezi inayi nditapsa, abale awo akuwauza kuti andisiye. Kuchokera nthawi imeneyo sananenepo kanthu za nkhope yangayi, ngakhale titakangana chotani. Ine ndakhala ndikuyenda mutu uli m'mwamba chifukwa ndimadziwa kuti m'nyumba mwanga muli munthu mmodzi amene sachiona. Tsono ndiuzeni."

Ndinawayang'ana bambo amene ndinawalanda ukhansala ndi kaburashi ka ubweya khumi. Manja awo, akuluakulu, ong'ambika ndi simenti, anali pamaondo.

"Palibe anandiuza," ndinatero. "Ndinachita ndekha. Ndinaona kuti sichikuoneka bwino pa ntchito yanga. Envelopu ndinamata ndisanawapatse mayi."

"Sichikuoneka bwino pa ntchito yanu."

"Eya."

"Nkhope yanga."

"Eya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona chidani chikulowa m'maso ofatsa aja. Koma mapewa awo anatsika. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Ndinadziwa," anatero. "Nyaharawa sangachite zimenezo."

Anadzuka n'kutuluka osatsanzika. Pofika Lamlungu mawu anga aja anali atafika nyumba iliyonse ya ku Ching'ambo, ndipo kuchokera kumeneko sikunabwerenso mkwatibwi, mwana wobatizidwa kapena munthu wofuna chithunzi cha chiphaso. Mayi Ellen, wakwathu yemwe, ankawoloka msewu akandiona. Nyaharawa tinkakumana nthawi zina mumsika. Ankaima, milomo n'kuyamba kusuntha, ine n'kupukusa mutu pang'ono n'kupitirira.

A Mzumara anakhala zaka zina khumi ndi zinayi, ndipo sanandilonjerenso mpaka tsiku limene anamwalira. Zinkandiwawa, ndisaname, chifukwa ndinkawakonda bambo amene uja. Koma akamadutsa panjinga pakhomo pa situdiyo yanga, nkhope itayang'ana kutsogolo, mkazi wawo ali pakaliyala atawagwira m'chiuno, ndinkalowa mkati n'kuwasiya adutse.